Azakhali Olondera Abuluzi

Azakhali ake a Nangala amayenda chowerama, maso ali pamchenga wofiira. Abuluzi akuluakulu a m'chipululu otchedwa tjakura atsala ochepa, ndipo iwo amawawerenga poona zitosi pafupi ndi una. Amangoti, "Banja lilipo."

Tsiku lina anapeza mapazi a mphaka wakutchire, mdani wa abuluziwo, pakhomo pa una. Anamulondola mpaka dzuwa kupendeka, Nangala ali wefuwefu pambuyo, khanda lake lili kumsana. Atamupha mphakayo anamuotcha, nkugawana.

"Azakhali, paja munkati abuluziwa kale munkawadya?"

"Kwambiri. Onona bwanji."

"Nanga lero mukuwalonderanji?"

"Iwe, ine mano anatha. Ndikusungira uyo ukuyamwitsayo."

Nangala anayang'ana khandalo, mutu utaima. Kuti lidzawadye abuluziwo kapena lidzangowaona? Azakhali anali atayamba kale kusinza.