Chikasu chakuda m'dothi la ku Wigston

Mwana wanga wamkazi, namwino, ananditengera ku Wigston, kudziko la azungu, kuti ndikapume. Kupuma chiyani? Munthu wozolowera khasu kumukhazika pa sofa ndiye kumupha pang'onopang'ono. Ndinkangozungulira m'nyumba ngati nkhuku yofuna poikira, mawondo akulira pa masitepe.

Nditatopa ndinaphunzira kukwera basi ya ku Leicester. Kumeneko ndinapeza Mmwenye wina wokalamba wa sitolo ya zokometsera ndiwo, wobadwira ku Limbe, Chichewa chake chowongoka kuposa cha adzukulu anga. Ataona kutsimphina kwanga anatulutsa kamuzu ngati ka jinja, n'kukathyola. Mkati munali mobiriwira modera ngati inki, fungo lake ngati mankhwala opaka pachifuwa.

“Chikasu chakuda ichi, achimwene. Kwathu ku India amachipera n'kupaka pa mawondo, ena amamwera chifuwa. N'chosowa, chimadula. Ndatsala ndi kamodzi komweka, tengani.”

Pobwerera m'basi ndinali nditalemera kale. Ndinkaona munda wonse wa kumudzi uli chikasu chokhachokha, amalonda akundigwadira. Mawondo adikire, iyi ndi mbewu, sindipaka.

Mwana wanga anakanunkhiza n'kukwinya mphuno. “Adadi, musayerekeze kumwa. Muli pa mapiritsi a magazi inu. Zoti chimachepetsa kutupa ndinamvapo, koma ambiri anayesera pa makoswe.”

“Nanga makoswewo anadandaula?”

“Ndikunena zoona, adadi. Ngati n'kudzala, dikirani kutenthe. Kasungeni mumphika pafupi ndi hita.”

Kudikira! Ine amene ndakhala ndikudzala iye asanabadwe? Novembala anali atakwana, mvula ikugwa tsiku ndi tsiku. Mlimi ndani amaonerera mvula yoyamba pawindo? Iye atapita ku shifiti ndinakumba kuseri kwa nyumba, n'kuunda kamzere kanga kokongola pakati pa kapinga. Mzungu woyandikana nafe anasuzumira pampanda, n'kugwedeza mutu. Ndinati nsanje.

M'mawa uliwonse ndinkatuluka ndi jekete ziwiri kukaona ngati kamera. Zii. Kenaka kunagwa chisanu, kapinga yense mbuu, dothi gwa ngati simenti. Mtima unakana kukhala pansi. Nditafukula ndi supuni ndinapeza phala lakuda lonunkha, lothawa m'zala.

Ndinathamangira basi, ngati kutsimphina kuja n'kuthamanga. Mmwenye uja anaseka mpaka kugwira kauntala.

“Mwadzala Novembala? Achimwene, kuno mvula ya Novembala ndi yokwirira maliro! Bambo anga atangofika anachita zomwezo ndi chimanga.”

“Ndiye munalekeranji kundiuza?”

“Munafunsa? Munatuluka ngati mwaba.”

Ndinapempha kena. Anatambasula manja: palibe, mwina wina akadzapita ku India. Tsiku langa lobwerera kumudzi linafika wina uja asanapite. Anandipatsa chikasu wamba cha paketi kuti ndisatuluke chimanjamanja, ndipo mwana wanga anachithira mu nkhuku.