Diresi la chitenje cha bungwe

Mayi Enifa Makaiko ndimawadziwa kuposa aliyense pa Songani, chifukwa makina awo osokera ali pakhonde limodzi ndi tebulo langa la tomato. Ndi mayi wa Mvano ku Domasi Mishoni. Kasitomala akaiwala kansalu kotsala, iwo amamuthamangira nako mpaka pa siteji ya minibasi. Kunena zoona, anthu olungama chonchi amatopetsa.

Mwana wawo Tisungeni atamaliza maphunziro a unamwino ku Blantyre, mayiwo analakalaka chinthu chimodzi basi: akagone naye mu hotela, mwana akavalire gauni lake pagalasi lalikulu. Atamva mtengo wake anaona kuti sangaukwanitse. Ndiye mlongo wawo Nickson, dalaivala wa bungwe lina la zaulimi, anawanong'oneza kodi, timanambala tomwe antchito a bungwelo amalemba posungitsa chipinda kuti mtengo utsike.

"Koma achemwali, chonde samalani," anatero Nickson. "Akakufunsani muziti mumagwira ntchito kwathu. Akangoimba ku ofesi, ine yanga yatha."

Munthu wa ana anayitu ameneyo.

Chipinda anasungitsa pa foni, koma mtendere unathera pomwepo. Sabata yonse ankangondifunsa kuti, "Anzanga, nanga akakafuna chiphaso?" Mpaka anasokerera thumba la buluku la munthu chozondoka. Kenako nzeru inawabwerera. Nickson anawapatsapo chitenje cha bungwelo, chobiriwira, cha zizindikiro paliponse. Anachisoka diresi la manja otukumuka, ndi duku lake lomwe.

"Akandiona chonchi afunsanso chiyani?" anandifunsa. Ine, chitsiru chinzawo, ndinawombera m'manja.

Ndinawaperekeza. Kuchokera pa Songani mpaka mu Limbe sanalawe ngakhale nthochi, ankangoyeserera chapansipansi kuti, "Ndine mlangizi, ndine mlangizi." Tisungeni tinamupeza akutidikira pageti la hotela, osadziwa kanthu za kodi.

Polandirira alendo panali mtsikana waulemu, pachifuwa pake palembedwa Rahema. Anayang'ana pa kompyuta, n'kuyang'ana diresi lija.

"Chiphaso cha kuntchito, mayi?"

"Ndachiiwala, mwanangu. Koma si mukuona nokha?" Analoza chizindikiro cha pamimba.

Rahema anatsitsa mawu. "Mayi, zitenje izi amagawira alimi kumudzi. Amayi anga ali nacho chawo. Antchito a bungweli amabwera ndi chiphaso m'khosi. Pepani, lamulo lake ndi loti ndiimbe ku ofesi kwawo atsimikize."

Mayo ine! Diresi tinkaliyesa umboni lija ndi lomwe linatiulula. Mtsikana uja ananyamula foni n'kuyamba kudina manambala, ndipo ine m'maganizo ndinkangoona Nickson akubweza makiyi a galimoto.

Mayi Enifa anagwira dzanja la mtsikanayo.

"Musaimbe. Ine ndine telala wa pa Songani. Kodiyo ndinachita kuba. Ndinaiona pa foni ya kasitomala atandisiyira kuti ndimutchajire. Palibe wa kubungweko amene akudziwa."

Rahema anaika foni pansi n'kufufuta dzina lawo mu kompyuta.

"Amayi," anatero Tisungeni, maso ali tong'o, "inuyo munaba?"

Rahema anali akumvabe. Mayi Enifa anatembenukira kwa mwana wawo.

"Eya, mwanangu. Ndinaba."

Tinakagona kwa msuweni wanga ku Mbayani, ndipo Tisungeni anavalira gauni lake pa kagalasi kometera ndevu. Nickson akuyendetsabe galimoto la bungwe mpaka lero.

Titabwerera ku Songani ndinawakalipira. "Bwanji osamuuza mwana zoona? Inu simunabe kanthu!"

Anapitiriza kupalasa makina osandiyang'ana. "Ndimuuze kuti amayi ake si wakuba, ndi wabodza chabe? Anandimva yekha ndikunama kawiri pamaso pake. Kachitatuka akhulupirira bwanji?"