Milamba ya Mofazzal

Mofazzal anali telala wa mayunifomu a sukulu ku Khulna. Kolala ya shati ankatha kuisoka atatsinzina, koma pa zaka makumi atatu za banja lake anali asanayatsepo chitofu.

Mkazi wake, Jahanara, atayandikira zaka makumi asanu anayamba kusintha. Thukuta linkamutuluka kunja kukuzizira, ankaiwala poto pamoto, ndipo tsiku lina analira chifukwa choti mphaka wamuyang'ana. Kuchipatala dokotala anati ndi mahomoni.

"Alowa bwanji amenewo?" anafunsa Mofazzal. "Ife madzi timamwa owiritsa."

"Ngakhale inu muli nawo, bambo."

"Inenso? Nanga mankhwala anga ali kuti?"

Dokotala anapereka mankhwala kwa Jahanara yekha. Kwa Mofazzal anapereka kapepala: nsomba, masamba ambiri, mafuta pang'ono, chakudya chamadzulo chisamachedwe, ndipo mayi azipumako.

Madzulo omwewo Mofazzal anatseka shopu n'kupita kumsika, kwa Kashem wogulitsa nsomba.

"Achimwene, nsomba ya mahomoni ndi iti?"

"Yowachulukitsa kapena yowachepetsa?" anatero Kashem, nkhope ili gwa.

 Zimenezo Mofazzal sanafunse kuchipatala. Anatembenuza kapepala kaja, kuseri kunalibe kanthu. Kashem anaphulika nako kuseka, n'kumuponyera milamba inayi yamoyo m'thumba.

Ali panjira anaimbira mwana wawo Nasrin, amene anakwatiwa ku Dhaka.

"N'zosavuta, bambo. Kazingani anyezi ndi adyo, ikani mphonda, kenako nsomba, sipinachi pomaliza. Mphindi makumi awiri basi. Mafuta pang'ono."

"Pang'ono pake ndi pati?"

"Mungoona ndi maso."

Maso akewo anazolowera tepi yoyezera. Anayang'ana botolo la mafuta a mpiru, nalibweza. Anakhala pansi pafupi ndi mpeni woimika pathabwa umene mkazi wake ankadulira ndiwo, napisa dzanja m'thumba. Mlamba unamubaya ndi munga pachala, wina unaterereka n'kukalowa pansi pa bedi pamene panagona Jahanara.

"Bambo a Nasrin, chikukwawa kunsi kuno n'chiyani?"

"Gonani, mayi. Ndi chakudya chanu."

Jahanara anadzuka, naukoka mlambawo ndi dzanja limodzi, n'kukhala pakampando pakhomo la khitchini. Mofazzal anati dokotala wanena kuti azipuma.

"Ndikupuma. Pakamwa pokha ndi pamene pagwire ntchito. Mphondayo mwaidula ngati mukucheka thalauza. Chepetsani."

Anachepetsa. Anyezi anapserera, mkazi anati ataye, ayambirenso. Sipinachi anadzaza poto, koma atavundukula anapeza kamulu kosadzaza dzanja.

"Wina uja wapita kuti?"

"Wadya mphaka," anatero Jahanara, ndipo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya nsalu yake ya sari. Mofazzal sanadziwe ngati kusekako ndi kuchira kapena ndi matenda omwewo.

Mphindi makumi awiri zija zinasanduka ola ndi theka. Anadya ndi mpunga wotsala masana. Mwamunayo sanameze, ankangoyang'ana mkazi wake akutola minga.

"Mukumva bwanji? Mahomoni aja achepako?"

"Chachepa ndi mchere. Patseni kuno."

Kuyambira pamenepo Mofazzal ankatseka shopu isanakwane faifi koloko. Patapita miyezi itatu ankaphika ndiwozo mu theka la ola, ndipo milamba inasiya kumubaya. Jahanara masiku ena ankadzuka wamphamvu, masiku ena ayi. Atabwerera kuchipatala, Mofazzal anafunsa ngati chathandiza ndi nsomba, mankhwala, kapena kupuma. Dokotala anati mwina zonse, ndipo iye anatuluka osakhutira.

Lachisanu lina Mofazzal akuchokera kumzikiti, anamuimitsa Mizan, mnansi wake woyendetsa basi.

"Iwe telala, watipalamulira. Mkazi wanga akuti nayenso ali ndi zomwe ali nazo alamu. Dzulo wandipatsa mpeni."

"Wapita naye kuchipatala?"

"Akuti palibe chifukwa, mankhwala ake wawaona pazenera lako."

Mofazzal anaganiza kaye. Kenako anamuuza kuti abwere madzulo ndi mphonda yake, koma pogwira mlamba azisamala chala.