Pepala Lokulungira Mchere

Mayi wa mchere ali ndi benchi lachitatu kuchokera pageti la msika. Amagulitsa mchere, sopo wodula ndi machesi, ndipo zonsezi amakulunga m'nyuzipepala zakale zomwe mlamu wake amatola ku ofesi komwe amasesa. Benchi limeneli ndilo limadyetsa ana ake awiri.

Chaka chimenecho Mtsogoleri wa dziko lilime linkamuterera kwambiri. Potsegulira mlatho anathokoza anthu chifukwa cha chipatala chokongolacho. Pamaliro a nduna ina anauza anamfedwa kuti mwambo wabwino ngati umenewu uzichitika chaka ndi chaka. Anyuzipepala ankamujambula ndi kamwa lalikulu ngati ndowa, mawu akutayikira pansi. Mayiyu ankaseka chamumtima, n'kung'amba tsambalo, n'kukulungira mchere.

Kenako kunayamba kubwera bambo wina wa nsapato zonyezimira, zosadziwa fumbi. Lolemba mchere, Lachitatu mchere, Lachisanu mchere. Akalandira ankatembenuza kaphukusiko n'kumayang'anitsitsa pepala. Nyumba yanji yodya mchere chonchi? Mnzake wa pabenchi loyandikana, wogulitsa anyezi, anamunong'oneza mayiyu kuti akumbukire za wamakala uja, amene analandidwa malo atangoyeserera kalankhulidwe ka Mtsogoleri. Anamulanda ndi wapampando wa msika, munthu wachipani mpaka m'mafupa.

Kuyambira tsikulo mayiyu ankapatula masamba onse a zojambulazo n'kukawabisa pansi pa matiresi. Mwamuna wake atawapeza anagwira pakamwa. Anati wina atalowa m'nyumbamo sanganene kuti akubisa ayi, anganene kuti akusonkhanitsa. Mayiyu anatenga masambawo. Anawasonkhezera pambaula onse, madzi osambitsa ana mpaka kuwira.

Lachisanu bambo uja anatembenuza kaphukusi kake n'kupeza zotsatsa matayala.

"Mayi, masamba a zojambula aja masiku ano mukumawaika kuti?"

Bamboyo anafotokoza kuti bambo ake omubereka ndi ogona, anafa ziwalo mbali imodzi ndipo salankhula, koma akaona kamwa la Mtsogoleri amaseka mpaka kutsokomola. Anati nyuzipepala yatsopano ndi yodula. Mayiyu anagwetsa maso pansi. Munthu wovala nsapato zotere n'kulephera kugula nyuzipepala? Nanga bwanji sanapemphe poyera tsiku loyamba lomwe? Chapoteropo wapampando anali ataima, akutokosa m'mano.

"Pepani achimwene, ine kusukulu sindinapondeko. Pepala ndi pepala, ndimangokulunga basi."

Mayiyu ananena mokweza dala kuti wapampando amve. Bamboyo anamuyang'ana kanthawi, analipira, n'kumapita. Sanabwerenso. Wa anyezi amalumbira kuti anali kazitape. Mwamuna wa mayi wa mchereyo amati mwina nkhalambayo inalikodi, ndipo mwina inatsikira kuli chete. Mayiyu akamva zimenezi amangopitiriza kudula sopo.

Benchi likadali lake. Koma msika wonse tsopano umadziwa kuti mayi wa mchere ndi mbuli, iye amene anamaliza pulayimale osabwerezapo kalasi. Kubweza mawu sangathe, poti angafunsidwe chomwe ananamira. Wapampando akabwera ndi chikalata cha malamulo atsopano amamuwerengera pang'onopang'ono ngati mwana, kwina n'kumadumpha mizere, kenako n'kumutsegulira inki. Mayiyu amapukuta chala pansalu, n'kudinda pomwe wauzidwa. Mizere yodumphidwayo amakhala ataiwerenga kale, pepala lili chozondoka m'manja mwa wapampando.