Loweruka ndiyankhula nditaimirira

Mwaswera bwanji nonse.

Ndangofika kumene kuchokera ku parokya ku Mualadzi, komwe timakonzekera mawerengo a Pentekoste. Ine anandipatsa ndime ija imene Petro akuyankhula kwa khamu la anthu. Ndangowerenga mizere iwiri, a katekista andiimitsa. Akuti, "Mayi Rozita, mukuwerenga ngati mukupempha mchere kwa apongozi."

Anthu aseka, ine manyazi andigwira. Kenaka atifotokozera kuti m'Chigiriki mawu a pamenepo ndi apofitengomai, ndipo satanthauza kucheza kapena kunong'ona ayi. Ndi kuimirira pagulu, kukweza mawu, n'kunena chinthu cholemera chimene mtima watsimikiza. Akuti Petro yemweyo adakana Ambuye pamaso pa mtsikana wantchito, koma tsiku limenelo sadayang'ane pansi.

Ndabwereza nditadzutsa mutu. Agogo ena osamva bwino amene anakhala kumbuyo ayankha kuti amen.

Njira yonse pa njinga ndimaganiza za munda wa amayi. Kawiri konse amalume a Zuze anena zoubwereketsa kwa olima fodya, ine ndili chogwada pamphasa, kumangoti "chabwino amalume." Munda umenewo amayi adauswa ndi manja awo titabwerako ku Zambia komwe tidathawira nkhondo, ndipo chimanga chimene akudya lero chikuchokera momwemo.

Loweruka pa msonkhano wa banja ndiwombera m'manja mwaulemu monga mwa mwambo, kenaka ndiimirira ndi kukana.

Achimwene a Tomasi, achemwali, mukuti bwanji? Mukabwera tiimirira atatu. Mukapanda kubwera, ndiimirirabe.