Ndowa Yathu Pampopi wa ku Kanyama

Ndowa yathu inali yachitsulo, yopindika kukamwa, ndipo dzinja lonse la chaka chomwe bambo anamwalira inkaima yokha pamzere wa pampopi. Ku Kanyama malo pamzere inkasunga ndi ndowa: unkaika yako kumbuyo kwa ya mnzako, zogundana, iwe n'kupita kukasesa. Yathu inkakhala ndi mpata kutsogolo ndi kumbuyo. Ndinauyeza ndi mapazi anga, anayi mbali iliyonse. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Zinali zaka zija za mizere: wa ufa, wa sopo, wa mafuta ophikira. Fakitale yomwe bambo ankagwirako ntchito inatsekedwa, iwo n'kudwala chifuwa miyezi isanu. Titaika maliro, akulu awo a bambo, ba Mwansa, anati amayi ayeretsedwe mwa mwambo wa kwawo: agone ndi m'bale wa malemu kuti mzimu wa bambo uwachoke. M'baleyo anali iwo omwe, ngakhale anali ndi mkazi ku Kitwe. Amayi anakana. Anati anabatizidwa, ndipo sangagone ndi mwamuna wa mwini. Ba Mwansa anakweza makina osokera a amayi pawilibala. "Mukaganiza bwino, mulamu, mashini izabwela," anatero ali pakhomo. "Koma mukapenga, musatiitane."

Makinawo ndiwo ankatidyetsa chitsekereni fakitale. Koma choyamba kutisowa sichinali chakudya, anali anthu. Komboni yonse inkakhulupirira kuti wamasiye wosayeretsedwa amayenda ndi mzimu wa mwamuna wake, ndipo mapeto ake ndi misala. Palibe anabweranso kudzapala moto pambaula yathu, palibe anapemphanso mchere. Amake Bupe, oyandikana nafe, ankalankhula ataima patali, kutsidya kwa matope. "Wakutsina khutu ni mnansi, mai. Ni usiku umozi chabe, Mulungu azamvesa." Ana awo ankasewera chiyato pakhonde, ine ndinkasewera ndekha kuseri kwa nyumba, kuponya mwala m'mwamba, kukoka timiyala m'kadzenje, n'kudzipatsa ndekha mwayi wina ndikalakwa. Mvula inadzaza njira, zimbudzi zinasefukira, fungo la makala onyowa linalowa m'zovala. Tinkayenda podumpha pamiyala yoikidwa m'madzi, ndipo munthu akaona amayi akubwera ankabwerera kuti asapanikizane nawo pamwala umodzi.

Kutchalitchi abusa anawayamikira amayi paguwa, kuwatchula dzina, mpingo n'kuyankha ameni. Azimayi omwe anayankha ameniwo ankakoka zitenje zawo pabenchi kuti zisakhudzane ndi cha amayi. Tinkakhala kumapeto, pafupi ndi zenera losweka lomwe linkadontha. Sitinajombe Lamlungu lililonse.

M'mawa uliwonse, ndisanapite kusukulu, amayi ankandiimika. "Lelo ni Chitatu, ai? Nikamba bwino?" Kenaka ankatchula mayina a abale awo onse a ku Katete, motsatana, ine ndikuvomereza. Ndinkayesa ndi masewera, ndipo tsiku lina ndinawanamiza kuti aphonya tsiku. Anakhala pansi n'kuyamba kuwerenga masiku pazala zawo mobwerezabwereza. Sindinabwerezenso.

Mvula ikutha ba Mwansa anabweranso, nati wogula makina wapezeka, amayi anene mawu omaliza. Amayi anawaphikira tiyi wopanda shuga, n'kuwagwadira powapatsa. Ba Mwansa sanamwe. Amayi anakananso, ndipo makina sitinawaonenso. Kuyambira pamenepo ankasoka ndi manja, kuika zigamba ndi mabatani pa zovala zakaunjika, zomwe kuno timati salaula, mpaka chala chawo chakumanja chinauma ngati chikopa cha nsapato.

Mpata wa pampopi unatha popanda wopepesa. M'mwezi wa Epulo amake Bupe, ali ndi changu, anagunditsa chigubu chawo pandowa yathu. Sanafe, sanapenge. Mawa lake mapazi anatsala awiri, kenaka palibe.

Nditakula ndinafunsa amayi ngati ankadziwa kuti zamisalazo zinali zabodza. Anati sankadziwa. Nawonso anakulira m'nkhani zomwezo, ndipo tsiku lililonse ankadzuka akuyembekeza kuti mutu usokonekera. Ndinali nditaganiza kuti anakana chifukwa analibe mantha, pomwe anakana mantha ali nawo, popanda wowatsimikizira kupatula mwana wa giredi folo. Mpopi uja anauchotsa kalekale, ndipo abale ambiri masiku ano amangomangirira wamasiye mkanda woyera padzanja, n'kumumasula. Amayi akalamba, amaiwala kumene aika magalasi. Ndikawayendera amandifunsabe tsiku, ndipo ndimawayankha msanga, mosaseka.