Fakitale Inaitana Amuna Anga

Abale anga, izi si zomva kwa anthu ayi, ndinaziona ndi maso angawa, ndipo amene tinathawa nawo madzi chaka chimenecho akhoza kundichitira umboni.

Shire atasefukira n'kumiza nyumba ndi dimba lomwe kwathu kwa Nyachikadza, bwato linakatitula kumtunda, ndipo poti kusukulu kunali kutadzaza kale, amuna anga anati tikakhale m'fakitale ya thonje imene inatsekedwa kalekale. Iwowa anagwiramo ntchito yoyendetsa makina kuyambira ali mnyamata mpaka tsiku lotseka, ndiye ankaikonda ngati kwawo, mwinanso kuposa ine. Titalowa anandionetsa pamene panali makina awo, pongotsala dzenje ndi mabawuti adzimbiri, chifukwa ogula zitsulo zakutha anali atazula zonse, mpaka kucheka nsanamira zina za denga. Anagwira khoma misozi ili m'maso, ine n'kuyang'ana kumbali, nanga bambo wamkulu akamalira umamuyang'anitsitsa?

Tsiku lina masana, ine ndikuyanika zovala panja, kunabwera chimphepo, ndipo tonse tinamva saireni ya fakitaleyo yoitanira anthu kuntchito. Inalira motalika. Azimayi ena amene tinkakhala nawo m'fakitalemo anatuluka chothamanga atakoka ana, koma amuna anga anadzuka pamphasa imene anakhala panjapo n'kukonza kolala ya malaya, nkhope ili ngwee ngati ya mnyamata. Ndinawagwira mkono n'kuwafunsa kumene akupita, iwo n'kundiuza mofatsa kuti ndiwasiye, achedwa, anzawo alowa kale. Anzawo ake ati, poti ambiri tinawaika m'manda? Anandipulumuka n'kulowa, ndipo ndisanafike n'pakhomo pomwe, denga lonse linagwa.

Anthu anachotsa malata ndi zitsulo mpaka manja kutuluka magazi, koma tinawapeza atazizira. Pamaliro, bambo wina amene anali mlonda pamalopo anatiuza kuti saireniyo inagulitsidwa zaka zapitazo, ndipo waya wa magetsi kunalibe ngakhale mmodzi.

Ena amati inali mphepo chabe ikuliza mapaipi, ndipo sindikangana nawo, chifukwa kukangana sikungandibwezere munthu. Koma ine ndimakhulupirira kuti malo amene anamwa thukuta la munthu samuiwala, ndipo akatsala okha amasungulumwa n'kuyamba kuitana anthu ake. Inu amene amuna anu kapena makolo anu anakalambira m'mafakitale amene anafa, musawalole kubwererako, ngakhale akuchonderereni motani. Ndipo akadzadzuka kuti azipita, musadzawagwire ndi dzanja limodzi. Gwirani ndi manja onse awiri, ndipo mukuwe.